Bambo asankha makina owotcherera

Mwaswera bwanji nonse.

Lero ndinatenga bambo kuti tikaone makina owotcherera a sipoti, aja amalumikiza malata a galimoto ndi timadontho. Kuwotcherera ndi gasi kwanditopetsa, kukumapinda zitseko za minibasi, eni ake n'kumadandaula.

Wogulitsa anabwera ndi makina awiri pa Boma. Ine mtima unali pa aakulu, koma amafuna magetsi amphamvu omwe pagalaja pathu palibe. Aang'onowo ndimawaderera.

Bambo sanatsutse. Anatola zidutswa ziwiri za chitseko chakale n'kunena kuti, "Lumikiza apa." Nditalumikiza ndi aang'ono aja, anazipana pa vaisi n'kuyamba kukanula ndi tchizulo. Lata linang'ambika pambali, koma polumikiza paja osasuntha. Anapasisita ndi chala, kenako anaseka.

"Tenga awa, mwanawe. Akanakhalapo kale, manja angawa sakanapsa chonchi."

Tatenga amenewo, ndipo mtima wanga uli m'malo.

Tsopano bambo akuti Lolemba abwera kudzagwira nawo ntchito, chonsecho anasiya kalekale chifukwa cha msana. Amayi akukana. Ine ndawaikira kale mpando pafupi ndi makinawo. Achemwali, achimwene, inu mukuti bwanji, ndiuchotse?