Msana wa pa Kalendala

Ine ndajambulidwapo kambirimbiri pa moyo wanga, mwina kuposa mkazi wa nduna. Musaseke, ndikunena zoona. Zaka zonse zimene ndinkatchola tiyi ku esiteti, gawo lathu linali m'mbali mwa msewu waukulu, ndiye alendo odzaona phiri ankangoimitsa galimoto, kutsitsa galasi, kujambula, n'kumapita. Ngakhale moni ayi. Iwo ankafuna phiri, tiyi wobiriwira, ndi ifeyo titawerama madengu ali kumsana. Ukati uweramuke uwayang'ane, ankakukupizira dzanja kuti pitiriza ntchito. Nkhope zathu analibe nazo ntchito.

Chaka china msana wangawu unatuluka pa kalendala. Kalendalayo inayenda mpaka inakafika kusukulu ya mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ndili naye, poti bambo ake anamwalira iye akukwawa. Aphunzitsi anaipachika pakhoma. Mwana atangoona duku lofiira lija ndi chitenje chimene ankachapa yekha Loweruka, anaimirira m'kalasi n'kufuula kuti, "Awa ndi amayi anga!" Anzake anafa nacho chiseko. "Wadziwa bwanji, poti ndi dengu lokhalokha? Kodi amako ndi dengu?" Kuyambira tsikulo ankamutcha mwana wa dengu. Anabwera kunyumba maso ali psuu. Ndinamanga chitenje kuti ndikakoke makutu a ana amenewo mmodzimmodzi, koma iye anandigwira mwendo n'kundipempha kuti ndisapite. Sitinaikambenso nkhaniyo, koma ine inandikhala pamtima.

Mwana wa denguyo anaphunzira, abale. Lero ndi namwino ku Blantyre, ndipo ndikamanena zimenezi sindichepetsa mawu. Ine tiyi ndinamusiya msana utayamba kudandaula, ndinayamba kugulitsa nthochi ndi chinanazi pa Chonde. Ndiye atabwera ndi mnyamata wake wa m'tauni, chinkhoswe chitachitika, tsiku la ukwati litadziwika, ndinadziuza chinthu chimodzi. Masiku ano akwati akatuluka m'tchalitchi amapita kukajambulitsa m'munda wa tiyi, phiri lili kumbuyo. Ndinati ine ndikalowa nawo m'tiyimo, ndikaima chilili pambali pa mwana wanga, wopanda dengu, nditayang'ana kamera maso ndi maso. Zina zonse, keke, mpunga, nyimbo, achite mmene angafunire.

Komiti ya ukwati inkakumana pakhonde pa achimwene anga, amenenso ndi ankhoswe a mwanayu. Tsiku lokamba za wojambula, amayi a mnyamata, asewere anga, anabwera ndi munthu wawo kuchokera ku Blantyre. Mnyamata wooneka bwino, wonunkhira, ndevu zometa ngati analemba ndi rula. Anatsegula laputopu, tonse tinaunjikana. Koma zithunzi zinali zokongola, bodza n'loipa. Anali ndi kandege kojambulira m'mwamba, moti akwati ankaoneka ngati njere ziwiri za mpunga pa nsalu yobiriwira. Mwana wanga anagwira pakamwa, maso akuwala. Ndinaona kuti wakakonda kandegeko.

Anationetsa nsapato za mkwatibwi, mphete zili pa tsamba, keke, nsapato zinanso. Ndinadikira, ndinadikira, mpaka ndinamufunsa wojambulayo.

"Achimwene, nsapato taziona. Nanga amene anabereka mwini nsapatoyo ali pati?"

"Makolo timawajambula ku holo, amayi, pagulu," anatero mwaulemu ndithu. "Kumunda kumapita akwati ndi operekeza okha."

Kenako anatsegula chithunzi china. Mkwatibwi kutsogolo, mbee, ndipo kumbuyo kwake, mwachimbuuzi, amayi atatu atawerama ndi madengu.

"Ichi anthu amachikonda kwambiri," anatero. "Tikapeza otchola tiyi timawapempha kuti awerame kumbuyoko, atembenukire uko. Chithunzi chimakoma."

Iii, abale! Ine pakamwa panga sipachedwa, anthu a pa Chonde amadziwa. Ndinati, "Chimakoma? Amayi amenewo munawafunsa maina? Munawaonetsako chithunzicho? Kapena kwa inu ndi maluwa oika m'mbali mwa tebulo?" Achimwene anga anatsokomola chifuwa chimene analibe. Asewere anayang'ana kudenga, milomo ataikoka. Wojambulayo sanadziwe kuti akulankhula ndi mmodzi wa misana imeneyo, ndipo sindimuda. Koma ndinanena pomwepo kuti pa ukwati wa mwana wanga sajambula.

Titatuluka, mwana wanga anandikokera kuseri kwa nyumba, pamene pali mapeyala.

"Amayi, mwandichititsa manyazi pamaso pa apongozi anga."

"Manyazi sapha. Ine ndikufuna chithunzi chimodzi chokha, iwe ndi ine m'tiyi, nkhope yanga ikuoneka. Ndapempha zambiri?"

Za kalendala sindinamukumbutse. Ndinkaganiza kuti anaiwala, ndipo chilonda cha mwana ukachiona chapola suchikanda.

Tsono ntchito inandigwera ndekha, poti wokana ndiwo amayenera kubweretsa zake. Ndinafunsa uku ndi uku. Wina anandionetsa zithunzi zimene anthu onse anawayeretsa khungu mpaka osawazindikira, ndinati ayi, ine ndikufuna ndikhale ineyo. Wina fungo la kachasu linandipatsa moni iye asanatsegule pakamwa. Mwayi unandipeza pa Nkando, m'sitolo ya bambo wina wachisilamu kumene tinkagula nsalu ya ukwati yoti achibale onse asoketse. Ndikudandaula za vuto langa, monga ndimachitira ndi aliyense amene ali ndi makutu, bamboyo anaseka n'kuitana mwana wake wamkazi kuchokera kuseri kwa mipukutu ya nsalu. Anati ameneyu ndiye amajambula maukwati a kumzikiti, chifukwa amalowa mpaka kuchipinda kumene amayi amaveka mkwatibwi, kumene mwamuna sangaponde.

Anali mtsikana wochepa thupi, wofunda mpango wakuda kumutu, wolankhula motsitsa moti ndinachita kusendera. Anandipatsa buku la zithunzi zake. Kandege analibe. Koma nkhope, mayo ine, nkhope zokhazokha! Nkhalamba ina ikuseka mano awiri okha ali panja. Bambo wina akupukuta msozi ndi chipewa. Mayi wina atagwira mwana wake masaya onse awiri. Ndinatsegula mpaka kumapeto n'kuyambiranso.

"Amayi," anandifunsa, "pa tsikulo ndani amene simukufuna kuti asowe pa zithunzi?"

Ndinati, "Ine."

Anaseka mpaka kubisa nkhope mumpango. Atatha anati, "Ndajambula maukwati ambiri, koma yankho limeneli ndi loyamba. Simusowa."

Ku komiti sizinayende mosalala. Asewere anati, "Wa pa Nkando? Anzathu a ku Blantyre akaona zithunzizo adzati chiyani?" Achimwene anga nawo anaonjezera zawo: "Achemwali, mayi wa mkwatibwi sayendayenda m'minda. Malo anu ndi ku holo, kulandira alendo ndi kuona kuti mpunga sunapserere. Ndi mmene timachitira." Ndinawauza kuti mpunga uli ndi eni ake, amayi a mvano anaphikapo maukwati ine ndisanabadwe. Mawu anayamba kukwera. Apo ndi pamene mwana wanga anati, "Titenge wa pa Nkandoyo. Ndipo amayi akwera nafe." Mkamwini wanga anangogwedeza mutu kuvomereza. Ndinadziwa kuti mwanayu wasiya kandege kamene anakakonda kaja chifukwa cha ine, ndipo zinandikhudza, koma sindinabweze mawu.

Tsikulo linafika, Loweruka lowala bwino, phiri lili poyera lopanda ndi kamtambo komwe. Ndinavala diresi losoketsa la nsalu yathu ija, duku lalikulu lomangidwa ndi wodziwa, ndi nsapato zazitali zimene zinkandiluma chala chilichonse. Titatuluka m'tchalitchi, achimwene anayesanso komaliza, akundilozera minibasi yopita ku holo. Ndinawadutsa ngati sindinawaone n'kukakhala kutsogolo m'galimoto ya akwati, chikwama pamiyendo.

Wojambula wa pa Nkando uja anali atandifunsa kale kuti tikajambulire pati, ndipo anali atakapempha chilolezo. Tinaima pa gawo langa lenileni, pamsewu pomwe paja. Chapatali ndithu gulu lina linali likutchola, poti Loweruka ntchito imakhalapo mpaka masana. Mtsikanayo anayamba ndi akwati, kenako operekeza. Ine ndinaima pamsewu ndikudikira, mtima ukugunda ngati ndine ndikukwatiwa. Kenako anati, "Tsopano amayi ndi mwana wawo. Ena nonse tapatukani."

Ndinalowa mumzere. Tiyi anandigwira m'chiuno monga ankachitira kale, fungo lake linandilowa m'mphuno. Mwana wanga anali kutsogolo, operekeza akumukonzera diresi kuti lisakodwe, wojambula akusintha galasi la kamera. Ine ndinangoima, maso ali pa mwana wanga, ndikuganiza za bambo ake. Sindinamve kanthu. Ndinadzidzimuka ndi mawu ochokera kutsidya kwa mizere, mawu amene ndikanawazindikira ngakhale mumdima, a mnzanga amene tinkatchola naye moyandikana zaka zonse zija.

"Inu amake namwino! Nanga dengu mwalisiya kuti?"

Ndinayang'ana manja anga. Abale inu! Manja anali akutchola okha. Masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, dzanja lamanja ndi lamanzere, ndipo ndinali nditaponya kale chodzaza dzanja kumsana, kumene kunalibe dengu. Masamba anali mbwee paphewa, ena pa duku, ena atatsikira m'khosi mwa diresi. Msana nawo unali utawerama wokha. Gulu lonse la otchola linali gwagwagwa kuseka, operekeza akwati nawo akubisa pakamwa ndi maluwa.

Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo. Ine amene ndinakalipira mwana wa eni pakhonde, ine amene ndinakangana ndi asewere ndi achimwene kuti ndidzaime chilili, ndi uyu ndawerama ndekha popanda wondikupizira dzanja. Ndinati basi, ana a sukulu aja ananena zoona. Misozi inayamba kubwera, ndipo ndinafuna kutaya masamba amene anatsala m'manja n'kutuluka mumzeremo.

Mwana wanga anandigwira pamkono ndisanataye. Anabwerera yekha mumzere, diresi likukodwa, osasamala. Anatsegula zala zanga, zala zakuda m'mphepete zimene sopo analephera kalekale, n'kutenga masamba aja. Anawalowetsa pakati pa maluwa ake oyera, bwinobwino, ngati anagulidwira pomwepo. A paphewa anawasiya. Kenako anakweza dzanja langa m'mwamba n'kufuulira gulu lija kuti, "Dengu linapuma! Linaphunzitsa namwino!"

Nthungululu zimene zinaphulika m'mundamo zinamveka mpaka kuphiri. Mnzanga uja anavula dengu n'kuyamba kuvina pakati pa mizere. Ndipo m'phokoso lonselo ndinamva kamawu kotsitsa kaja: "Amayi, dzutsani mutu. Yang'anani kuno."

Ndinaweramuka. Ndinayang'ana.

Ku holo tinafika mochedwa, mpunga sunapserere, ndipo achimwene anavina perekaniperekani mpaka jekete linang'ambika kukhwapa. Asewere, ataona zithunzi patapita masabata, anasankha chawo chimene akuseka atagwira mwana wawo khutu, ndipo ndikumva kuti chili pabalaza pawo ku Blantyre. Za kandege sanazitchulenso.

Changa anabwera nacho mwana wanga yekha, chachikulu, cha m'galasi, atachikulunga m'chitenje. Tinachitsegula pakhonde. Phiri lilipo, tiyi alipo, diresi loyera lilipo. Ndipo pakati pali mayi wina wakuda, wamtali, ataima mowongoka, masamba a tiyi ali paphewa, maso onyowa koma onse awiri akuyang'ana amene akumuyang'ana. Ndinamuyang'anitsitsa mayi ameneyo. Sindinkadziwa kuti ndimafanana chonchi ndi malemu amayi anga, amene anamwalira osajambulidwapo. Ndinanyada, ndipo ndikunyadabe mpaka lero. Aliyense wobwera pakhomo panga, ngakhale wodzapempha moto, amayamba waona chithunzicho.

Mwana wanga anakhoma yekha msomali ndi mwala, n'kuchipachika moyang'anana ndi chitseko. Anabwerera m'mbuyo, anachiwongola pang'ono, n'kuima manja ali m'chiuno. Ine ndinkaganiza kuti akuona diresi lake.

"Ndajambulitsa china chonga ichi," anatero osanditembenukira. "Ndikachipachika kwanga. Tsopano abwere andifunsenso kuti ndadziwa bwanji kuti awa ndi amayi anga."