Thovu la Achemwali

Mpaka lero ndikaona thovu ndimapsa mtima. Anayambitsa ndi aphunzitsi athu a Folomu Wanu. Anatiuza kuti Agiriki akale anali ndi mulungu wamkazi wa chikondi ndi kukongola, wobadwa m'thovu la nyanja. Iwo analekera pomwepo. Koma ine ndi pakamwa pangapa, pofika kwathu ku Lungwena ndinali nditakometsera kale. Ndinati mkazi akasamba thovu la mafunde kumaso, mwamuna akangomuona amaiwala ndi njinga yomwe.

Achemwali anga anamva. Nthawi imeneyo n'kuti akudikira msodzi wina wa ku Makanjira, amene analonjeza kutumiza amalume ake kudzafunsira mbeta, koma miyezi inkangopita kuli zii.

"Iwe, mawa ukanditungire thovulo."

"Achemwali, zija n'za kwa Agiriki."

"Nyanja ndi nyanja. Kapena unanama?"

Kuvomera bodza kwa achemwali kunali kuputa makofi. M'mamawa, mwera ukuwomba ngati walipidwa, ndinalowa m'madzi ndi ndowa. Munayesapo kutunga thovu inu? Pofika pakhomo watsala ndi madzi ndi mchenga basi. Masiku atatu, mano akugunda mpaka kumveka kutsidya, achemwali akungoti ndine waulesi wofuna iwo akalambire pakhomo.

Anandipulumutsa ndi mayi wina wothawa nkhondo ku Mozambiki, amene ankachapa pagombepo. Nditawafotokozera anaseka mpaka kukhala pansi, kenako anandibenthulira sopo wawo.

"Mwanangu, ukavundulire kuseri kwa nyumba."

Thovu lake linasefukira ndowa! Achemwali anasamba mokondwa. Lachisanu lomwelo amalume a msodzi uja anatsika lole, atavala chipewa chatsopano. Ukwati unatheka, tsoka n'kugwera ine.

M'mawa mwake ndinapeza mabeseni ali ndandanda pakhomo: azakhali, atsikana a kwaya, ngakhale mayi wina amene anali ndi amuna kale, ati angowonjezera.

"Amayi inu, anali sopo!" ndinakuwa.

"Taonani wabodzayu," anatero azakhali. "Wakwatitsa mlongo wake, ife akufuna kutimana. Nyamula ndowa!"

Tsiku lokhalo limene ndinanena zoona, palibe anandikhulupirira. Mwera wonse ndinathera m'madzi, chimfine osatha. Ndinathamangira kwa mayi a ku Mozambiki aja kuti adzandichitire umboni, popeza ndi okhawo ankadziwa. Anabweradi, koma atanyamula kabeseni kawo.

"Sopo ndi wanga inde," anatero, "koma kwa ine sanagwirepo ntchito. Mwina ndi dzanja lako. Tunga."