Moni wa Agogo Wopita ku Dedza

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu giredi folo ku Tafara, mu Harare, pamene aphunzitsi athu, a madamu Moyo, anabwera ndi tabuleti m'kalasi. Inali imodzi yokha, yong'aluka pakona, ndipo ankakayitchaja kwa mlamu wawo wa sola, poti magetsi kwathu ankabwera mwa apo ndi apo ngati mlendo. Akangoyitulutsa m'chikwama tonse tinkathamangira kudesiki kwawo, kupondana zala, wina kununkha maputi, chimanga chokazinga chija, wina sopo wochapira.

A madamu anali ndi khalidwe lina limene linkatitopetsa. Akabweretsa mawu atsopano a Chingerezi sankatiuza tanthauzo lake. Ankationetsa chithunzi pa tabuletiyo n'kufunsa kuti tikuona chiyani, ife n'kumangolota. Kenako ankasankha mwana mmodzi kuti apite nayo kwawo masana, akafunse munthu wamkulu za mawuwo, ajambule yankho, n'kukaibweza kunyumba kwa a madamu dzuwa lisanalowe. M'mawa mwake kalasi yonse inkamvetsera. Umu ndi mmene tinamvera amayi ake a Tendai, mnzanga wa pa benchi, akufotokoza za chilala ali pamzere wa pamjigo, zigubu zikugundana kumbuyo kwawo.

Tsiku langa litakwana, chithunzi chinali cha bambo atakhala pa sutikesi pasiteshoni, dzanja lili patsaya. Mawu ake anali akuti homesick, ndipo titalotalota tinagwirizana kuti mwina ndi munthu wofuna kwawo. A madamu atandipatsa tabuleti ndinayamba kuganiza za amene ndikamufunse. Amayi ankaweruka madzulo kumsika, bambo anali ku Joni, ndiye wamkulu amene ndikanamupeza pakhomo anali agogo aamuna okha, a Mbewe. Iwowa anakalambira mu Harare, koma Chishona chawo chinali chopindika moti ngakhale wogulitsa tomato ankachita kuwafunsa kawiri. Ine kusukulu ndinkayankhula Chishona chokhachokha, chifukwa mwana akangomveka Chichewa anzake ankamukuwiza kuti ndi mubhurandaya, munthu wa ku Blantyre. Ndinkaopa kusekedwa, ndisaname.

Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mapeyala pafupi ndi geti, pamene ankakhala tsiku lililonse chipumireni ntchito kufakitale ya simenti. Ndinagwada.

"Agogo, a madamu akuti muyankhule m'makina awa. Munene za munthu wofuna kwawo."

"Amatenga mawu, akazi anga?" Umu ndi mmene ankandiitanira pondiseka, monga achitira agogo ndi mdzukulu wamkazi.

"Eya, amatenga."

"Ngati kaseti?"

Kaseti sindinkaidziwa, koma ndinavomera kuti zithe msanga. Agogo anadzuka n'kulowa m'nyumba. Anatuluka atavala jekete la kutchalitchi ndi tayi, tsitsi atapesa, nsapato zikuwala. Anapempha mayi wina amene ankachita lendi chipinda chakumbuyo kuti atsitse wailesi. Atakhala, anakonza kukhosi, ine n'kudina pofiira pojambulira mawu.

"Moni Nambewe, mlongo wanga. Ndine Yohane, ndikuyankhula kuno ku Halale. Ine ndili bwino, chifuwa chokha, kaya inu kumeneko."

Ndinafuna kuwadula, koma mwana sadula wamkulu pakamwa. Anapereka moni kwa anthu amene ndinali ndisanawamvepo, mmodzimmodzi, ndi ana awo omwe. Anafunsa ngati mtengo wa masuku wa kuseri kwa nyumba ya amayi awo ulipobe, ngati mlatho wa pamtsinje anaukonza, ngati manda a amayi amalambulidwa. Kenako mawu anayamba kunjenjemera. "Ndinati ndibwera ikatha kontilakiti, koma ana, sukulu, matenda. Musandiyese mtchona, Nambewe. Sindinakuiwaleni."

Madzulo amayi ndi amene anandimasulira za kasetiyo. Kale anthu a kwathu ankajambula moni pa kaseti n'kukapatsira dalaivala wa basi ku Mbare. Kasetiyo inkadutsa ku Tete mpaka ku Dedza, ndipo pakapita miyezi inkabwera ina ya mayankho, banja lonse n'kukhala pansi kumvetsera. Makaseti a ku Dedza anasiya kubwera ine ndisanabadwe, ndipo panalibe ankadziwa ngati a Nambewe ali moyo. Agogo ankaganiza kuti uthenga wawo wanyamuka.

M'mawa ndinalowa m'kalasi n'kukhala pa benchi yanga. A madamu anakweza mawu a tabuleti mpaka kumapeto. Moni atangomveka, kumbuyo kunayamba tizikhikhi, ine n'kuyang'ana pansi. Koma agogo anapitirirabe, dzina pambuyo pa dzina, ndipo atafika pa manda a amayi awo m'kalasi munali zii, ngakhale ambiri sankamva chinenerocho. A madamu sanandifunse ine. Anafunsa amene sadziwa Chichewa kuti amva chiyani.

Tendai anakweza dzanja. "Sekuru vari kuda kumusha kwavo," anatero, kuti agogowo akufuna kumudzi kwawo. Wina anati akumveka ngati akufuna kulira. Mnyamata wina, yemwe anali patsogolo pokuwiza anzake, ananena chapansipansi kuti nawonso agogo ake amayankhula choncho. A madamu analemba mawu aja akuti homesick pabolodi. Ine anangondituma kuti ndikafunse mmene timanenera m'chinenero chathu.

Vuto linatsala kunyumba. Ndikangolowa pageti agogo ankandifunsa kuti, "Akazi anga, ayankha?" Ndinkati sindikudziwa, n'kuthawira m'nyumba. Anayamba kumeta ndevu m'mawa uliwonse ngati munthu woyembekeza alendo, ndipo zinkandipweteka kuwaona. Nditadandaula kwa amayi, anati, "Makina unabwera nawo ndiwe. Kawauze bwinobwino, si mwana ayi."

Ndinapita kukagwada pansi pa mtengo paja. Ndinawauza kuti tabuleti ija ndi ya kusukulu, mawu awo sanapite ku Dedza, anathera m'kalasi mwathu. Anayamba kupotokola chipewa pabondo. Ndinkadikira kukalipiridwa.

"Ndiye anamva ndani?"

"Anzanga a m'kalasi ndi a madamu."

"Anaseka?"

"Poyamba pokha. Kenako onse anakhala chete. A madamu akufunsa kuti munthu wotere timati akutani m'Chichewa."

"Akupukwa," anatero. "Ukawauze kuti kupukwa." Anatsokomola, n'kundiyang'ana. "Dzina la Nambewe analimva?"

"Analimva, agogo."

"Chabwino. Papita nthawi lisanatchulidwe pagulu."

Agogo anamwalira ndili ku sekondale ndipo tinawaika kumanda a ku Mabvuku, konkuno ku Harare, Dedza osamuonanso. Tabuleti ija inafa kalekale pamodzi ndi mawu awo, ndipo ndimadandaula mpaka lero kuti panalibe anaganiza zowasunga. Panopa ndimagulitsa mafoni m'tauni, moti mawu aliwonse a Chingerezi ndimawapeza tanthauzo ndi chala chimodzi, n'kuwaiwala ndisanakwere kombi. A m'kalasi ya a madamu Moyo okha ndi amene anakhazikika, chifukwa aliwonse ndimawakumbukira ndi mawu a munthu. Nthawi imeneyo tinkati a madamu ndi aulesi, safuna kutiuza mayankho. Tsopano ndazindikira kuti ankatibweza kwa anthu amene tinkangowadutsa pageti. Ine ndinakulira m'nyumba imodzi ndi agogo anga osadziwa kuti ali ndi mlongo, chifukwa panalibe amene anawafunsapo.