Jakaranda pakhadi la kusikelo

Ndiulule: mwana wanga wakwanitsa masiku khumi alibe dzina. Mchombo unagwa Lolemba, ndipo Lachisanu tikupita naye kusikelo, kumene anamwino adzalemba dzina pakhadi ndi bolopeni. Bolopeni safufutika.

Mlandu ndi wa amuna anga, a Chanda. Tsiku lopita kukachira tinachoka ku Chelstone n'kudzera ku Kabulonga pothawa mzere wa magalimoto. Maluwa a jakaranda ankagwera pagalasi ngati mvula. Ine ndikubuula, iwo akuti, "Ona, mami, Mulungu atiyalila kapeti!"

Basi, akuti mwana ndi Jakaranda.

Apongozi anga, amene abwera kuchokera ku Mansa kudzasambitsa mdzukulu, anagwira pakamwa. "Awe mwandi! Iwe Chanda, mwana ni mtengo? Mailo ukabala mwamuna uzamuitana Mango?"

Iwo akufuna Bwalya, dzina la malemu amayi awo. Kwawo amati khanda likakana dzina limalira osatonthola, ndiye Lachitatu tinayesa. Apongozi anaitana, "Bwalya!" Mwana analira. A Chanda ananong'ona, "Jakaranda." Analira koposa. Apongozi atayamba kale kuwomba m'manja, ndinapeza kuti thewera lanyowa.

Tinaseka, koma ine mantha sanandichoke. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kusukulu sadzamutcha Jaka? Bwana akadzaona kalata yake yofunsira ntchito, adzamuitana kapena adzangoseka?

Ndikudziwa kulemera kwa dzina, chifukwa langa ndi Misozi. Amayi anaika m'manda ana awiri ndisanabadwe. Anzanga m'kalasi ankati, "Misozi, usatinyowetsele desiki!" Dzinali lili pasatifiketi yanga ya kukoleji, lili pamtchatho wanga. Komatu palibe wamkulu anagwirapo pakamwa polimva. Mabvuto, Masiye, Tilyenji: awa timawalandira ndi manja awiri, tikuti ali ndi tanthauzo. Wina akangofuna kutcha mwana tsiku limene anakondwa, timati wapenga. Bwanji dzina la chisoni timaligwadira, la chimwemwe n'kuliseka?

Dzulo ndinaimbira amayi ku Chipata, ndili ndi chikhulupiriro kuti andithandiza kukana.

"Mwanawe," anatero, "ine ndinakupatsa zimene maso anga anaona. Iwe unaona chiyani popita kukachira?"

"Maluwa, amama."

"Nanga ukulirira chiyani?"

Choncho Lachisanu anamwino adzalemba Bwalya Jakaranda. Apongozi akuti lachiwirilo sadzalitchula ngakhale tsiku limodzi, koma m'mawa uno ndawamva akupatsa mwana moni wa kwawo pomusambitsa m'beseni, "Muli shani, ba Jaka?"

Ndikuopabe ndikaganiza za bolopeni uja. Koma inu amene mukuseka, tandiuzeni: pakhadi lanu analembapo chiyani?