Mlamu Wanga Anaseka Pamaliro a Atsibweni

Mlamu wanga, mkazi wa achimwene, anabwera kwathu ku Chipera pa chitengwa kuchokera ku Malowera. Sindinamukonde chiyambire. Anali wofatsa mopitirira, ndipo ine munthu wofatsa kwambiri ndimamuyang'ana kawiri. Atabereka ana awiri anayamba kudandaula miyendo. Lero yachita dzanzi, mawa diso lamanzere likuona chimbuuzi, kenako mwezi wathunthu ali bwinobwino, akusenza nkhuni ngati palibe kanthu. Ine ndinkati ndi ulesi wodziwa nyengo: yopalira adwale, yodya mondokwa achire.

Nthawi imeneyo achimwene ankakumba golide kufupi ndi Fingoe. Zinawayendera pang'ono, anagula mota, njinga yamoto, ndi malata. Kuchitsime akazi anayamba kunong'onezana kuti achimwene anakhwima, ndipo miyendo ya mkazi wawo ndiyo chizimba chake. Ndikangotulukira ndi ndowa yanga nkhani inkaduka, koma zonse zinkandifika. Zinkandiwawa koopsa, chifukwa achimwene ndiwo anandilera bambo atamwalira.

Kenako atsibweni, mlongo wawo wa amayi, anagwa kumunda n'kumwalira tsiku lomwelo. M'nyumba ya siwa akazi tinakhala titafunda makapulana, zitenje zathu, tikulandizana kulira. Katekista atakweza dzanja kuti tipemphere, m'nyumba monse munati zii. Pamenepo mlamu anaseka. Sikunali kumwetulira ayi, chinali chikhakhali, mapewa akugwedezeka, iye akuyesa kutseka pakamwa ndi manja onse awiri.

"Alamu, mukuseka chiyani?" ndinamufunsa. "Mwakondwa?"

"Sindikufuna, alamu," anayankha akubanika. "Mumtima mukundipweteka, koma sizikuleka."

Apo ndinakumbukira kuti dzulo lake ndiye anawapititsira atsibweni chakumwa kumunda. Ndinalankhula mokweza kuti aliyense amve: "Ndi thobwa lija eti?"

Mawu akuti mfiti sindinawatchule, ndipo sikunafunike. Pochoka kumanda manong'onong'o anali atasamuka kale, za kukhwima kwa achimwene palibenso ankazinena. Ndisaname, ine mtima unakhala pansi.

Kuyambira pamenepo ndinamuika diso. Akagwetsa kapu, ndinkati akunjenjemera ndi zimene akudziwa. Tsiku lina tikuswa mtedza pakhonde anangoyamba kulira mosisima, popanda womunyoza, ndipo ndinati mzimu wa atsibweni wamupeza. Tsiku linanso anawakalipira achimwene n'kuponya mbale pakhoma, iye amene sankakweza mawu ngakhale kwa nkhuku, kenako anakhala pansi akuyang'ana manja ake modabwa. Ine ndinkati khalidwe lake lenileni layamba kuonekera. Anthu analeka kudzapala moto pakhomo pake, ana a eni analetsedwa kudya chilichonse chochokera m'manja mwake. Akuluakulu a kwathu anagamula kuti tikakolola abwezedwe ku Malowera, ana atsale.

Achimwene anakana. Anamukweza pa mota mpaka ku Fingoe, kumene anawalembera giya, kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu, ndipo kumenekonso anawatumiza kutsogolo kokajambulitsa mutu. Pankafunika mkazi womudikirira, ndiye amayi anatuma ine. Ndinavomera msanga. Ndinkafuna ndikamve ndi makutu anga dotolo akunena kuti munthuyu alibe nthenda iliyonse.

Dotoloyo ankalankhula Chipwitikizi, mayi wina wantchito m'chipatalamo akutimasulira m'Chinyungwe chosakaniza. Anati nthendayo dzina lake ndi esclerose múltipla. Mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana imakhala yokutidwa ngati waya wa magetsi, ndiye chokutiracho chimadyeka, mauthenga n'kumasochera. Anati imabwera n'kupita, n'chifukwa chake munthu amaoneka wochira kenako n'kugwanso. Atatero anatembenukira kwa mlamu n'kufunsa kuti: "Kodi zinakuchitikiranipo kuseka kapena kulira osafuna, pamalo osayenera?"

Nthawi yomweyo ndinakumbukira maliro a atsibweni. Komabe mutu wanga ndi wouma, ndinayamba ndaganiza kuti achimwene amunong'oneza dotoloyo. Koma achimwene anali panja kuyambira m'mawa, ndipo ine sindinachoke pambali pa mlamu.

"Kamodzi, pamaliro," anatero mlamu, osandiyang'ana.

Dotolo anagwedeza mutu ngati wamva chinthu chozolowereka. Anati ena odwala nthendayi zimawachitikira, chiseko ndi misozi zimangotuluka zokha osagwirizana ndi za mumtima. Anati mankhwala ochepetsa alipo, koma ochiziratu palibe.

Titabwerera ndinatenga pepala la kuchipatala kupita nalo kuchitsime. Ndinkaganiza kuti pakamwa pomwe panawononga ndi pomwe pakonze. Akazi analizungulira, kuliyang'ana chidindo, kulibweza. Mmodzi anati munthu wa golide sangalephere kupeza pepala. Wina, amene tinkayimba naye kwaya, anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti: "Nanga si ndiwe unatiuza za thobwa? Lero wadya chiyani kwa mlamu wakoyo?"

Ku Malowera sanabwezedwe, achimwene anaumirira ndipo akuluakulu anangoisiya nkhaniyo. Koma wodzapala moto pakhomo pake sanabwererenso. Ine ndinkapita, ngakhale moto uli lawilawi kwanga, ndipo iye ankandipalira.

Chaka chatha amayi anatisiya. Anthu atadzaza m'siwa ndinaona kuti mlamu palibe. Ndinamupeza m'nyumba mwake atatseka chitseko, ndodo yake yoyendera ili pamiyendo.

"Tiyeni, alamu," ndinatero. "Ndinu munkawasambitsa amayi akudwala."

"Zikandibwerera?"

"Mukakhale pafupi ndi ine."

Tinayenda pang'onopang'ono, maso a anthu ali pa ife. Tinakhala moyandikana, phewa ndi phewa. Katekista atakweza dzanja, m'nyumba n'kuti zii, ndinamva phewa lake likuyamba kugwedezeka. Ndinavundukula kapulana yanga n'kutifunditsa tonse awiri, ndipo ndinabuma maliro ndi mawu anga onse, pakati pa pemphero, mpaka akazi ena anandilandira ndipo nyumba yonse inadzaza kulira. Sindinaleke kufikira phewa lija litakhazikika. Mawu anandithera kwa masiku atatu.

Mpaka lero anthu amati kuno sanaonepo mwana wolira amake ngati ine. Pansi pa kapulanapo mlamu ankaseka, atandigwira dzanja mpaka zikhadabo kundilowa. Mwa awirife, amene ankalira amayi anali iyeyo. Ine ndinkalira thobwa lija.