A Phineas ndi Nyanga za Mfumu

Nyumba imene Effie ankagwiramo ntchito inali itakwatiwa kambiri kuposa mkazi aliyense amene iye ankamudziwa. Inali kumpoto kwa London, m'mphepete mwa nkhalango, basi imodzi kuchokera ku Edmonton. Akuti inamangidwa ndi mfumu ina yamakedzana kuti izipumiramo ikabwera kudzasaka mbawala. Mafumu atatopa nayo, mlimi wina anaisandutsa khola, ng'ombe n'kumagona pamene ankavina akuluakulu. Pa nkhondo inakhala chipatala cha asilikali oduka miyendo, kenaka sukulu ya atsikana amasiye, mapeto ake nyumba yosamaliramo okalamba. Aliyense wobwera ankasintha utoto ndi dzina, koma panalibe amene anatsitsa nyanga za mbawala zokhomedwa m'chipinda chachikulu, mizere mpaka kudenga. Effie ankadana nazo chifukwa zinkasunga fumbi ndi akangaude.

Effie, mayi wa ku Ntcheu, anali atasambitsa okalamba m'menemo mpaka msana kuyamba kudandaula. Sankalola kuti mtima wake umatirire pa wodwala. Ankati kukonda wokalamba n'kudziitanira maliro. Koma lamulo lakelo linasweka pa a Phineas.

A Phineas anabadwira pa famu ya fodya ku Zimbabwe. Bambo awo anachoka ku Dedza wapansi, mtchona wosabwereranso, n'kukakhala khukhi m'nyumba ya mzungu mwini famuyo. A Phineas atakula ankayendetsa thalakitala pa famu yomweyo, mpaka chaka chimene famu inalandidwa, antchito n'kuuzidwa kuti azipita kwawo. Kwawo kuti? Ku Dedza anali asanapondeko n'kamodzi komwe. Mwana wawo Muchaneta, yemwe ndi namwino, ndiye anawaitanitsa ku England, ndipo anakhala naye ku Barking zaka zingapo, akumulerera ana ndi kulima tomato m'zitini.

Kenaka matenda oiwala anayamba kuwadya. Chingerezi chinachoka, Chishona n'kutsatira, n'kutsala Chichewa cha ku komboni chimene Muchaneta ankangochimva mwa apo ndi apo. Zinali zomvetsa chisoni kuona bambo ndi mwana wake atakhala phee ngati alendo okumana m'basi.

Tsiku limene anafika panyumba ya okalamba ija, a Phineas atangoona nyanga zija anavula chipewa n'kubwerera chambuyo. M'maganizo mwawo inali nyumba ya bwana, poti nayenso ankakhoma mitu ya nyama pakhoma. Anakana kukhala pampando, anakananso kudya. Anamwino anawanyengerera m'Chingerezi, koma ayi ndithu. Effie, akudutsa ndi matawulo, anawamva akunong'ona kuti, "Muno sitiloledwa ife."

"Bwana wapita ku Halale, bambo," anatero Effie asanaganize n'komwe. "Tiyeni tikadyere kukhitchini."

Kuyambira pamenepo a Phineas ankadyera pakatebulo ka pakhomo la khitchini, Effie ali pambali. Ankamusimbira za thalakitala yawo, za fungo la fodya m'mabalani, za mayi awo amene anagona m'manda a pa famu. Ankamuitana kuti mwana wa kwathu. Effie akakhala pa ofu, chakudya chinkabwerera chosakhudzidwa, ndipo iye ankabwera ku shifiti yotsatira akukalipa ngati mayi wa mwana wovuta.

Chaka chatha nyumbayo inapezanso mwamuna wina. Eni ake anaigulitsa kwa anthu ofuna kumachitiramo madyerero aukwati, ndipo akuti chimene chinawakopa ndi nyanga zomwezo. Okalamba anayenera kugawidwa. Effie anapeza ntchito panyumba ina ya okalamba ku Lewisham, kumene kunali bedi limodzi lopanda munthu. Malo ena anali kutauni yakutali ya kunyanja, chipinda chatsopano chawindo loyang'ana madzi, koma kopanda munthu wodziwa ngakhale moni wa Chichewa. Effie ankadziwa kuti kumeneko a Phineas sakadya.

Muchaneta, wotopa ndi mashifiti ndi ana, analephera kusankha. "Aunty, I can't," anatero pafoni. "Muwafunse baba. Zomwe anene, that's it."

Wodzawafunsa anali Ivy, mayi wachizungu wa kukhonsolo, munthu wofatsa amene ali mtsikana anaphunzitsako sukulu ku Malawi, ndipo ankanyadira timawu tingapo timene anatsala nato. Anapempha malo opanda phokoso. Kukhitchini mapoto ankalira, choncho manijala anawatsogolera m'chipinda chachikulu. Effie anati alankhule, koma anthu anali atalowa kale.

A Phineas anaima pansi pa nyanga, chipewa m'manja, maso pansi. Ivy anawaonetsa chithunzi cha chipinda cha kunyanja n'kufunsa ngati angakonde kukakhala kumeneko. Effie anamasulira, n'kuwonjezerapo zake. "Bambo, ndi kutali. Ine kumeneko kulibe."

Koma a Phineas sankamvera Effie. M'maso mwawo Ivy anali dona, mkazi wa bwana. Anawerama pang'ono n'kuomba m'manja mofatsa. "Zikomo, dona. Zikomo."

Nkhope ya Ivy inawala. "Zikomo! I know that one. He's saying thank you."

Mawu akuti zikomo ali ndi nkhope zambiri. Munthu amati zikomo pothokoza, amati zikomo popempha njira, amati zikomo pokana chakudya atakhuta. Wantchito wamantha naye amati zikomo, kupempha kuti amulole atuluke asanalakwitse kanthu. Effie anamva bwinobwino kuti a Phineas akupempha kutuluka. Anayesa kufotokoza, koma m'Chingerezi nkhaniyo inatuluka yopunduka, ngati ya munthu amene akungofuna kukakamira wodwala wake. Ivy anamvetsera mpaka pamapeto, poti sanali munthu woipa. Kenaka anati ndi bwino amve kwa mwini wake. Anawayang'ana m'maso akumwetulira n'kufunsa pang'onopang'ono, "You would like to go? Yes?"

"Yes, madam," anayankha a Phineas.

Chimenecho ndicho Chingerezi chokha chimene chinawatsalira, chomwe bambo awo anaphikira nacho moyo wawo wonse.

Effie anakadzitsekera m'chipinda chosungiramo zofunda n'kulira ndi ukali. Anakwiyira Ivy, anakwiyira manijala, anakwiyira mfumu yakufa ija ndi mbawala zake zonse. Madzulo anaimbira Muchaneta, koma Ivy anali atamuimbira kale. "He said yes, aunty," anatero Muchaneta, mawu ali okhuta misozi. "Mukufuna ndiwakanire zomwe anena okha?" Sabata isanathe, bedi la ku Lewisham linapatsidwa kwa wina.

M'mawa wa tsiku losamuka kunkagwa mvula yamawawa. Amisiri a eni atsopano anali atafika kale, akuyeza makoma ndi kukambirana pokoleka magetsi. Effie anawasambitsa a Phineas, anawapesa, anawaveka jekete yawo yabwino. Katundu wawo yense analowa m'chikwama chimodzi. Atafika pagalimoto, a Phineas anamugwira Effie dzanja mwamphamvu.

"Mwana wa kwathu, ndalakwa chiyani?"

"Simunalakwe, bambo."

"Nanga bwana akundichotseranji pa famu?"

Dalaivala anawakhazika pampando, anawamanga lamba, n'kunena kanthu kansangala m'Chingerezi. A Phineas anamuyang'ana osamva, kenaka anatembenukiranso kwa Effie n'kutambasula manja awo onjenjemera.

"Ukamuuze kuti ntchito ndingathebe kugwira," anatero. "Taona, manjawa akadali abwinobwino."