Baji Yokhuthala Mbali Imodzi

Baji imene ndikufuna kufotokozayi ili m'kabati yanga ku Utawala, dera la mu mzinda waukulu wa dziko la Kenya, m'envulopu ya khaki, pamodzi ndi chikalata changa chobadwira. Ndi yansalu, yozungulira, kukula kwake ngati chivundikiro cha chitini cha polishi wa nsapato. Pakati pake pali chibaluni choyera chikukwera pamwamba pa dziko, ndipo m'mphepete mwake mwazungulira timbendera khumi ndi tiwiri. Munthu woiyang'ana ndi maso okha sapezapo vuto. Koma akayendetsa chala chachikulu m'mphepetemo, pofika pa mbendera ya Malawi chalacho chimakwera pang'ono monga chimachitira pa chipsera. Kukhuthala kumeneku ndi kumene ndaona kuti n'koyenera kukulongosola mwadongosolo.

Pa nthawi imene ndikunenayi ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anali atamwalira kale, ndipo ine ndi amayi tinkakhala m'chipinda chimodzi ku Donholm, dera lina la mu mzinda womwewu, kuseri kwa nyumba ya eni malo. Amayi ankasoka madiresi ndi makatani pa mashini opondera ndi phazi. Amalume, mchimwene wawo wa amayi, ankakhala ku Runda, dera la anthu olemera. Iwo ankagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu la maiko, kumene analowa chifukwa boma lakwathu ndilo linapereka dzina lawo. Ndi iwo amene anandipezera malo pa sukulu ya ana a anthu a m'mabungwe otere, kumene ndinkafika nditakwera maminibasi awiri, aja amati matatu, nsapato zili matope okhaokha, pamene anzanga ankatsika m'magalimoto a mawindo akuda.

Inali nyengo ya mvula yaitali. Aphunzitsi athu a sayansi, Mkenya wamtali amene manja ake ankanunkhira choko ndi makoko a malalanje, anatiuza kuti mvula ikadzatha kalasi yathu idzaulutsa chibaluni chonyamula kabokosi ka kamera, chimene chidzakwere mpaka kumene thambo limada ngakhale masana. Anati ulendo uliwonse wa m'mlengalenga umakhala ndi baji yake, choncho wathunso uyenera kukhala nayo. Anatipachikira pa bolodi zithunzi za mabaji amene oyenda m'mlengalenga amasokerera pa mapewa. Ife tinkaona nyenyezi ndi maroketi. Iwo ankaloza mbendera. "Muziona amene ali pamwamba," ankatero. "Wogula roketi ndiye amasankhira mbendera yake malo."

Panachitika mpikisano wojambula, ndipo ine ndinapambana. Chifukwa chake chinali chakuti ndinaika mbendera za maiko a ana onse a m'kalasi mozungulira, kuti pasakhale ya pamwamba kapena ya pansi. Mwana aliyense anandibweretsera chithunzi cha mbendera yakwawo. Yanga sindinafunse munthu. Ndinaikopera pa chitenje chimene amayi ankafunditsa mashini awo, chimene bambo anawagulira pa chikondwerero cha ufulu ine ndisanabadwe: mzere wakuda pamwamba wokhala ndi dzuwa lofiira longotuluka theka, kenako wofiira, kenako wobiriwira.

Pano ndiyenera kuima kaye ndi kunena mosabisa kuti sindinkadziwa kuti kwathu mbendera inali itasinthidwa. Boma la nthawiyo linali litanena kuti dziko latukuka, dzuwa silingakhalebe likutuluka, motero anaika dzuwa loyera lathunthu pakati ndi kusinthanitsa mizere. Nkhaniyi inagawa anthu, ndipo mphekesera zinkati wopezeka ndi mbendera yakale akhoza kufunsidwa mafunso. Mwana wa ku Donholm sakanadziwa zimenezi. Koma amayi ankadziwa, pakuti ankamva nkhani za kwathu sabata iliyonse. Nditawaonetsa chojambulacho anachiyang'ana nthawi yaitali kuposa imene chojambula cha mwana chimafuna. Kenako anati, "Wajambula bwino." Kufikira lero ndimabwerera ku nthawi yaitali imeneyo, ndipo sindinaimalize kuiyeza.

Aphunzitsi atamva kuti amayi ndi telala anawapatsa ntchito yosoka mabaji onse. Masana ambiri ndinkawapeza amayi atawerama pafupi ndi zenera, mvula ikugogoda pa malata, chipinda chikununkha mafuta a mashini ndi nsalu yonyowa. Timbendera ankatipeta pamanja. Kadzuwa kofiira ankakasiyira komaliza, ndipo ulusi wake ankauluma ndi mano m'malo moudula ndi sizasi.

Sukulu inatulutsa kanyuzipepala kake, ndipo pa tsamba loyamba panali chithunzi changa nditanyamula baji, dzina langa lili pansi. Lamlungu lotsatira tinapita ku mapemphero a Amalawi, kumene tinkasonkhana kamodzi pa mwezi. Kumeneko kunkabwera bambo wina wa suti yotuwa amene palibe ankadziwa bwino ntchito yake. Poimba nyimbo ankangoyendetsa milomo, maso ali pa anthu. Titatuluka, iye anafika kwa amalume atagwira kanyuzipepala kaja. Mmene anakapezera sindidziwa, popeza analibe mwana pa sukulupo. Anandisisita pamutu ndi kunena kuti, "Bwana, mwana wa achemwali anuyu ali ndi luso. Komanso zakale saiwala ayi." Amalume anaseka. Ndinaona kuti kapu ya tiyi imene anagwira anaiika pansi asanamweko.

Mawa lake amalume anabwera ku Donholm, kumene anali asanapondeko. Galimoto anaisiya kumsewu, ndipo analowa m'chipinda chathu nsapato zawo zonyezimira zitanyamula matope. Sanakhale pansi. Anandifunsa kuti, "Iwe, anakutuma ndani?" Ndinayankha kuti palibe. Anafunsa ngati aphunzitsi aja amacheza ndi Amalawi ena. Ndinati sindikudziwa. Anafunsanso funso loyamba lija, ndipo ndinaloza chitenje cha pa mashini. Apo anatembenukira kwa amayi.

"Achemwali, mwana sangadziwe. Koma inu?"

"Ine ndimasoka chimene andipatsa, achimwene."

Amalume ananena zofuna zawo momveka bwino. Mabaji onse abwezedwe kuchokera kwa ana, mbendera yakale isomoledwe, yatsopano isokedwe, ndipo adzawaone okha Lachisanu. Ine ndilembe kalata yopepesa. Zikapanda kuchitika, malo anga a kusukulu atha, chifukwa iwo sangasunge mpando wawo ndi dzanja limodzi pamene lina likudyetsa owachotsa pa mpandowo. Zikachitika, anati, "Tidzaona."

Kalata ija ndi yoyamba imene ndinalemba m'moyo wanga. Amalume ankanena mawu m'Chingerezi, ine ndikulemba, ndipo ndinaikopera kanayi chifukwa sankalola kufufuta. Tanthauzo lake linali lakuti ine, wolemba dzina pansipa, ndikudziwitsa onse amene nkhaniyi ikuwakhudza kuti ndinajambula mbendera yolakwika mwa umbuli wanga, ndekha, popanda wondituma. Ndinachita chidwi ndi mmene mawuwo ankaimira chilili ngati asilikali, osapempha chifundo. Anandilembetsa makalata awiri ofanana. Imodzi inali ya aphunzitsi. Inayo anaipinda ndi kuiika m'thumba la m'kati la jekete. Nditafunsa kuti imeneyo ndi ya ndani anati, "Za akuluakulu."

Aphunzitsi powerenga kalatayo anayamba ndi kuseka, koma pofika pakati analeka. "Pole, kijana," anatero pondipepesa m'chinenero chawo, nayamba kutolera mabaji pa madesiki. Mnyamata wina anandifunsa mokweza kuti kodi dziko lakwathu lili ndi mbendera zingati, ndiponso ngati timasintha Lolemba lililonse monga masokosi. Kalasi yonse inaseka. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuyang'ana aliyense mokayika. Ndinakayikira aphunzitsi, kuti mwina ndiwo anapereka kanyuzipepala. Ndinakayikira mlonda wa pageti, amene ankadziwa moni wa Chichewa popanda chifukwa. M'matatu ndinkabisa chikwama pansi pa miyendo, ndipo kondakitala akandiyang'ana kawiri ndinkatsika siteji isanakwane.

Amayi anagula lezala yatsopano yosomolera ulusi ndi kuiika poonekera pa tebulo. Masiku atatu anagwira ntchitoyo. Koma kusesa m'chipinda inali ntchito yanga, ndipo ndikuchitira umboni kuti m'zinyalala zonse za masiku amenewo sindinapezemo ulusi wofiira ngakhale umodzi. Ndinapeza tizidutswa ta maliboni. Amayi ankadula kansalu kochepa ngati chikhadabo, kupetapo dzuwa loyera, ndi kukasokerera pamwamba pa mbendera yakale, masitichi ang'onoang'ono osaoneka. Ndinaona, ndipo iwo anaona kuti ndaona. Anangonyowetsa ulusi ndi malovu n'kupitiriza. Ndinaganiza zokawaulula kwa amalume kuti ndipulumutse sukulu yanga. Ndikulemba izi chifukwa n'zoona. Chimene chinandiletsa si chikondi ayi, koma mantha akuti mwina adzanena kuti ndinali nawo m'chiwembu kuyambira pachiyambi.

Lachisanu tinapita ku Runda. Pageti anatilembetsa m'buku ngati alendo. Amalume anatilandirira pakhonde, pamene pankanunkhira udzu wongotchetcha kumene, ndipo anayala mabaji pa tebulo lagalasi. Anatenga yoyamba, naiyang'ana, nayendetsa chala chachikulu m'mphepete. Pa mbendera ya Malawi chalacho chinaima. Chinabwerera m'mbuyo, n'kudutsaponso. Amalume anakweza maso kuyang'ana amayi, ndipo amayi sanagwetse awo.

"Achemwali, ulusi wanuwu ndi wonenepa."

"Ndi umene ulipo, achimwene."

Anatenga yachiwiri, ndi yachitatu, mpaka yomaliza, chala chikuima pamalo omwewo. Kenako anawasonkhanitsa, nawabwezera m'pepala lapulasitiki. "Zili bwino," anatero, ndipo anaitanitsa tiyi ndi mandazi. Pobwerera m'matatu ndinkaimba pansipansi. Ndinakhulupirira kuti amalume sanazindikire, kuti tawapusitsa, ndiponso kuti nkhani yatha.

Pakutha pa teremu kunabwera uthenga wakuti malo anga pa sukulu aperekedwa kwa wina. Panalibe chifukwa cholembedwa. Amayi anayesa sukulu zina koma mapepala athu sanali okwanira, ndipo patapita miyezi ndinayamba kuthandiza pa shopu yotaipa ndi kukopa makalata m'mbali mwa msewu wa Outer Ring. Zonse zimene ndimadziwa lero ndinaziphunzira pamenepo, powerenga makalata a anthu ena asanawatenge.

Chibaluni chinaulutsidwa mvula itatha, ine kulibe. Aphunzitsi anatumiza envulopu kudzera kwa mayi wina wa ku mapemphero. M'kati munali baji imene ndili nayoyi ndi chithunzi chimodzi: thambo lakuda bii, dziko litapindika pansi ngati nsana wa mbale, ndi baji ina itamangidwa pa kamtengo patsogolo pa kamera, dzuwa loyera likuoneka bwinobwino. Chaka chotsatira boma linasintha ndipo mbendera yakale inabwerera. Bambo wa suti yotuwa uja ndiye anali woyamba kubwera ku mapemphero atabaya kadzuwa kofiira pa kolala. Amalume anakhalabe pa mpando wawo nthawi ya mbendera zonse ziwiri, mpaka anapuma pa ntchito mwaulemu.

Nditakula ndinawafunsa amayi kamodzi chifukwa chimene sanasomolere ulusi uja. Anayankha kuti lezala inali yobuntha. Lezalayo ndinaipeza m'kabokosi kawo ka singano atamwalira, ikadali m'pepala lake.

Ku Runda ndinaitanidwako kangapo pambuyo pake, pa Khirisimasi, ndipo amalume ankandigwira chanza mwamphamvu osandiyang'ana m'maso. Kalata yachiwiri ija sindinafunsenso kumene inapita. Mwana amene ankaimba m'matatu Lachisanu lija ankaganiza kuti chala cha amalume chinkafunafuna cholakwa ndipo chinalephera. Sakanatha kumvetsa kuti chinachipeza pa baji yoyamba yomwe, ndi kuti munthu amene ali ndi woyang'ana kumbuyo kwake ayenera kuonetsa kuti walanga wina. Amalume anali ndi anthu awiri pakhonde lawo tsiku limenelo, mlongo wawo amene anachita modziwa ndi mwana amene anasaina kalata. Anasankha amene dzina lake linali kale pa pepala.